Masiku anayi okha, madam akufuna chilumba, tilowere kuti?

Wapamlatho:

Moni nonse muno. Ndabwera ndi kankhani kofuna nzeru zanu, makamaka inu amene mumayendayenda panyanjapa. Ine ndimakhala konkuno ku Mangochi boma cha ku M'baluku, ndimagwira ntchito mu shopu ya hadiweya. Okutobala akubwerayu ine ndi mayi a kunyumba tikukwanitsa zaka 10 tili pabanja, ndiye abwana andilola kupuma masiku anayi, Lachinayi mpaka Lamulungu, Lolemba m'mawa ndikhale nditatsegula shopu.

Nde nkhani ili apa. Madam kuyambira kalekale nyimbo yawo ndi chilumba basi, akangoona zithunzi za ku Zanzibar pa Facebook zija za mchenga woti mbee ndi madzi owala ngati galasi, foni ija amandiyika pamphuno penipeni amvekere taonani anzathu mmene akudyera moyo, ine ndimangoti tiona tiona, mpaka zaka 10 zakwana tikuonabe kkkk. Ulendo uno ndati ayi ndichitepo kanthu.

Chochititsa manyazi n'choti ine ndinabadwira konkuno, Shire ndimamuoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi pafupifupi tsiku ndi tsiku, chambo ndadya chosawerengeka, koma phazi langa silinapondepo pa chilumba ngakhale chimodzi. Cha Boadzulu chija ndimangochionera patali ndikamakasiya simenti kwa makasitomala cha ku Makawa uko. Madam ndiye osanena, kwawo ndi ku Dedza kumapiri, madzi amene amawadziwa ndi a m'ndowa, kusambira sadziwa olo pang'ono.

Ndalama ndilandira ya chipereganyu kumapeto kwa Seputembala, ikhala K600,000, ndipo siingapitirire pamenepo chifukwa fizi ya ana ikundidikiranso. Anawo tikawasiya kwa agogo awo. Ndiye tandiuzani zoona zokhazokha, Zanzibar ingatheke ndi masiku amenewa? Kapena tikwere Ilala wa ku Likoma? Kapena pali pena pafupi pomwe munthu angagone pachilumba osamaliza ndalama yonse? Musandiseke chonde, ndi koyamba.

Abiti_wa_Kariakoo:

Achimwene ndiyambe ndine poti msewu umenewo ndimaudya mwezi ndi mwezi, ndimakaoda nsalu ndi nsapato ku Dar. Za Zanzibar ndi masiku anayi ingoiwalani, ndikukuuzani ngati mlongo wanu. Kuchoka kuno kukafika pa boda ya Songwe mwataya kale tsiku lathunthu ndi usiku wake, muoloke pa Kasumulu, kenako mugwire basi ya ku Dar yomwenso imadya tsiku lonse mpaka miyendo kutupa ngati mapapaya, mukafika ku Dar kukudikiranso boti la maola awiri kuti mukatsike ku Stone Town. Mungofika, mujambulitse chithunzi chimodzi, n'kutembenuka, Lolemba likupezani muli pa Iringa abwana anu akuimba foni kkkk.

Viza ife Amalawi sitivutika nayo ku Tanzania, koma pasipoti muli nayo nonse awiri? Komanso kuyambira Okutobala 2024 ku Zanzibar anayambitsa inshuwalansi yokakamiza ya alendo, imalipidwa m'madola, ndiye madolawo mukawatola kuti mmene foreksi ikuvutiramu. Za ndege sinditchula n'komwe, K600,000 yanuyo ithera pa tiketi ya munthu mmodzi mwinanso osakwana. Kumeneko ndi kokonzekera chaka chathunthu. Panopa yang'anani za konkuno, madzi athuwa ndi abwinonso kuposa amchere aja oyabwa m'maso.

Mlovi_wakale:

Bambo, mwachita bwino kufunsa. Ine kwathu ndi ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, ndinayamba ndi kupalasa bwato la malemu bambo anga, kenako ndinakhala mlovi, wokoka ukonde wa chilimira, zaka zingapo, pano ndimayendetsa boti la injini kunyamula alendo. Ndiye mwina muziti akudzitsatsa malonda, koma mvetserani kaye.

Mukusakasaka chilumba ku Tanzania pomwe zilumba zili m'boma lanu lomwe lino. Kwerani minibasi kapena Sienta pa depoti ya Mangochi yopita ku Monkey Bay, mudutsa Namiasi, Makawa, kumangopita ndi M10, musanalowe mu Monkey Bay pali mphambano yokhotera kumanzere ya ku Cape Maclear, pamenepo pamakhala anyamata a njinga zamoto, ndi makilomita 18 kudutsa m'mapiri, anyani ali m'mbali mwa msewu kukuyang'anani ngati munawabwereka ndalama. Mukanyamuka 7 koloko nkhomaliro mukadyera ku Chembe mosathamanga.

Mukangoima pamchenga pa Chembe n'kuyang'ana kunyanja, chilumba chimene chili pamphuno panu ndi Thumbi West, ife timangoti Thumbi. Pa boti la injini ndi mphindi zochepa chabe. Pamenepo sipagonedwa, palibe nyumba, timapita m'mawa n'kubwera madzulo. Kudzanja lamanja kuli chachikulu chija chokhala ngati phiri lamira theka, ndicho Domwe, chinasiyana ndi mtunda ndi kampata kakang'ono kotchedwa Ilala Gap. Ndiye kutali uko, makilomita ngati 10, kuli Mumbo. Pa Domwe ndi pa Mumbo ndi pamene pali makampu ogona. Mumbo ndi pokongola zedi sindikana, koma mitengo yake ndi ya anthu olandira m'madola, mungakasiye chipereganyu chonse usiku umodzi. Domwe ndiye saizi yathu, kumeneko ndi matenti ndipo chakudya mumanyamula nokha n'kukaphika komweko.

Ine nditakhala inu ndingachite chonchi: Lachinayi mugone ku Chembe, maloji alipo a mtengo uliwonse kuyambira a ma bakipaka. Lachisanu tsiku lonse pa Thumbi. Loweruka m'mawa muoloke wa ku Domwe mukagone usiku umodzi, Lamulungu mubwerere n'kugwira ya ku boma dzuwa likadalipo. Madam akakhala kuti agona pachilumba ndithu, palibenso choti adzanene.

Dziwaninso kuti zilumba zonsezi zili mu Lake Malawi National Park, anaikhazikitsa mu 1980 ndipo mu 1984 a UNESCO anailemba m'gulu la malo ofunika padziko lonse, chifukwa cha mbuna, tinsomba ta m'miyala tija. Ndiye pali kandalama kolowera mupaki, ife eni dziko timalipira kochepa kusiyana ndi akunja, bola munyamule chitupa cha unzika nonse awiri. Kuwedza pafupi ndi zilumbazi n'koletsedwa, mamita 100 kuchokera pagombe palibe kuponya mbedza kapena ukonde, n'chifukwa chake nsomba za pamenepo sizithawa munthu. Inu mwazolowera nsomba ya pa mbale, koma mukakavala magalasi aja oonera pansi pa madzi n'kuzika nkhope pa Thumbi mudzandiuza. Za buluu, zachikasu, zamizeremizere ngati mbidzi, zina zimabwera mpaka kudzakujomphani tsitsi la m'miyendo. Ndinanyamulapo mdala wina wa ku Malindi amene wakalamba akuwedza, atadzutsa mutu anangoti aa, kodi zinthuzi zinali pansipa nthawi yonseyi?

Ndiye pali za nkhwazi. Timagula tinsomba pang'ono kwa asodzi ponyamuka, tikafika kuseri kwa Thumbi timazimitsa injini, boti lili ndengundengu, ine kuimba likhweru kawiri katatu n'kuponya nsomba pamadzi. Mumangoona kadontho koyera kachoka pamtengo pamwamba uko, kakukula, kakukula, kenako mapiko aja phaa pafupi ndi boti mpaka kumva mphepo yake kumaso, zala zatola nsomba, madzi osathovoka n'komwe, yapita. Mbalame yomwe ija ya pa chizindikiro cha boma. Ambiri amaiwala kujambula, foni ili m'manja kukamwa kuli yasa.

Koma chimene ine ndimakonda ndi usiku wa pa Domwe kukakhala kulibe mwezi. Kulibe magetsi, kulibe bawo ya oledzera kapena sipika ya pa bala, mumangomva madzi akumenya miyala, ndiye mukayang'ana panyanja mumaona nyali za asodzi a usipa zili ndandanda ngati tauni yamera pamadzi. Aliyense wa nyali uja timamutcha siginala, ntchito yake ndi kukopa usipa kuti usonkhane pansi pa kuwala kenako anzake amazinga ndi chilimira. Ine ndagwirapo ntchito imeneyo mpaka manja kuchita zikang'a, koma kuionera uli khale pamwala ndi tiyi m'manja ndi nkhani ina.

Mwana_wa_Chipyela:

Aaa a Mlovi mwalankhula bwino koma Domwe ndi chilumba kapena ndi phiri la apusi? Kkkk musakwiye. Chilumba chenicheni ndi kwathu ku Likoma bambo, kumene kuli anthu, msika, sukulu, mpira Loweruka, milambe yoti anthu asanu sangaizungulire atagwirana manja. Mukaima kugombe la kum'mawa mapiri a ku Mozambique mumawaona pafupi ngati mungawakhudze, Cobue ali tsidya lomwelo, poti ife ndi Chizumulu tinazunguliridwa ndi madzi a Mozambique ngakhale tili Amalawi. Magalimoto ndi owerengeka, munthu umayenda pakati pa msewu osacheuka.

Ndipo madam anuwo ngati ali opemphera, tchalitchi cha St Peter's chokha ndi chifukwa chokwanira chopitira. Amishoni a mpingo wa Anglican otchedwa UMCA anafika pachilumbapo m'ma 1880, tchalitchicho anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ukachiona koyamba sumvetsa kuti chinyumba chachikulu chonchija chinamangidwa bwanji pakachilumba ka pakati pa nyanja nthawi imene kunalibe ngakhale thirakitala. Mawindo a magalasi amitundumitundu, mipando ya kwaya yosema pamwala, ndipo Lamulungu kwaya ikayamba mawu amachita kuzungulira m'mwamba monse, thupi kuchita tsembwe.

Koma poti mwati tinene zoona, masiku anu ndi amene akuperewera. Ilala imayenda kamodzi pa sabata. Mwa chizolowezi chake imanyamuka pa Monkey Bay Lachisanu m'mawa, ku Likoma imafika Loweruka, n'kupitirira ku Chizumulu, Nkhata Bay mpaka pa doko la Chilumba, ndiye pobwerera imadzakutengani cha Lachiwiri, pa Monkey Bay n'kufika Lachitatu. Mwaona, Lolemba lanu lija lapita kale. Njira ina ndi kukwera basi ya M5 kudzera Salima, Nkhotakota, Dwangwa mpaka Nkhata Bay n'kukagwira maboti ena amene amaoloka kuchokera kumeneko, koma ndi tsiku lathunthu pamsewu kupita, lathunthunso kubwera, mukapuma liti.

Ine ndingoti kapempheni abwana anu masiku ena atatu, muwauze kuti zaka 10 si masewera. Akalola, imbani kaye ku ofesi ya sitima ku Monkey Bay sabata yomweyo mutsimikize tsiku ndi ola. Ndipo musagule ya ekonome pofuna kupulumutsa ndalama, kunsi kuja ndi kwa ife opita kwathu ndi matumba a ufa, malata, nkhuku ndi madengu a nsomba, kumatentha koopsa. Gulani ya pa deki pamwamba, munyamule mphasa kapena kamatiresi ndi bulangeti poti usiku kumazizira ngakhale mu Okutobala, mugone mukuyang'ana nyenyezi. Sitima imeneyo inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, zitsulo zake zinachokera ku Scotland n'kudzalumikizidwa pa Monkey Bay pomwepa, agogo anga anakwera, bambo anga anakwera, ine ndakwera, ana anganso akukwera. Munthu wa ku Mangochi kufa osaikwerapo ndi tchimo.

Nachisale_Nesi:

Abambo nonse mwayankha bwino koma palibe amene wafunsa funso limodzi: pa Domwe paja mwati chakudya mukaphika nokha, nokha wake ndani? Chifukwa ine ndikuona kale mayi wa ku Dedza uja ali chowerama pa mbaula akupemerera moto, utsi uli m'maso, bambo ali gone pamwala akuonera nyali za usipa amvekere koma ndiye kukongola. Imeneyo si holide ya mayi ayi, mwangomusamutsira khitchini pakati pa nyanja. Achimwene, ngati mukupita ku Domwe mulonjeze pano pagulu kuti mthiko mugwira ndinu masiku onsewo, mbale mutsuka ndinu. Apo ayi funsani kukampuko ngati pali munthu woti mungamulipire akuphikireni, kapena gonani masiku onse ku Chembe komwe chakudya chimabwera patebulo, zilumbazo muzingopita masana.

Chachiwiri, mwati sadziwa kusambira ndipo sanakwerepo boti. Musawadzidzimutse ndi saprayizi, auzeni lero kuti mtima ukhazikike. Ine mchemwali wanga anachita kukuwa Yesu Yesu kuchokera pa Chembe mpaka pa Thumbi atagwira malaya a woyendetsa, pobwerera ndi amene ankati tizungulirenso kachikena kkkk. Koma jekete yoyandamitsa ija avale asanakwere, amange zingwe zonse, osati kuikhalira ngati khushoni mmene amachitira anthu. Ndi jekete yomweyo akhoza kulowa m'madzi osaya pa Thumbi n'kuona mbuna bwinobwino wina atawagwira dzanja. Zovala asavutike nazo, kabudula wothina wa mkati kapena legingi ndi tisheti zikwanira, chitenje chokha m'madzi chimakulunga miyendo, chisiyeni pamwala chodzafunda potuluka.

Tsopano za ntchito yanga. Likodzo lilipo, tisanamizane, inu a ku Mangochi mukulidziwa kuyambira ku pulayimale. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, a udzu ndi bango, makamaka kufupi ndi mudzi kumene anthu amachapa ndi kusamba. Kumiyala ya kuzilumba kumene madzi ndi akuya ndipo amawinduka chiopsezo chimachepa koma sichitheratu. Ndiye pamchenga wa pamudzi paja ingoyendani, kusambira mukasambire kuchilumba, mukatuluka dzipukuteni msanga ndi thaulo. Pakatha miyezi iwiri mutabwerako pitani kuchipatala mukafotokoze kuti munasamba m'nyanja, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi, osangogula pa okala n'kumeza mwachisawawa. Kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza chifukwa tizilomboto timakhala tisanakhwime. Neti ya udzudzu funsani ngati ilipo kumene mukagone, ngati mukukayika nyamulani yanu, siilemera.

Dzuwa la Okutobala inu mukulidziwa koma a ku Dedza lidzawadabwitsa, pamadzi limawotcha kawiri. Chipewa, ambulera, madzi akumwa ambiri. Ndipo muonetsetse deti yanu, ngati ikugundana ndi wikendi ya Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala ndiye bukani malo panopa, nthawi imeneyo Lilongwe ndi Blantyre yonse imakhuthukira kunyanja, zipinda zimatha ndipo mitengo imakwera.

Wapamlatho:

Kkkkk asisi a Nachisale mwandilasa pamtima, moti ndinali nditayamba kale kulemba kuti ufa, mafuta, tomato, anyezi osaganiza n'komwe kuti wophika ndani. Chabwino ndalonjeza pagulu, mthiko ndi wanga. Nsima ndimatha, ndinakhalapo pa ubatchala zaka zinayi, kungoti imatuluka ndi timibulu pang'ono.

Deti yathu ndi kumapeto kwa mwezi ndiye za Anakubala zatipita. A ku Likoma pepani, abwana anga ndikuwadziwa, masiku anayi omwewa ndachita kuwagwadira, nthawi imeneyi ndi imene anthu amagula malata ndi simenti kuthamangitsana ndi mvula. Koma mwandipatsa njala, Ilala ndidzakwera ndithu tchimolo lindichoke. A Mlovi, funso langa ndi la mphepo. Ine pa boma pano tsiku lililonse ndimadutsa pa chipilala cha wotchi paja pomwe pali chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira m'nyanja, ndiye mantha a nyanja ndili nawo ndithu ngakhale ndimadzitcha wa ku Mangochi. Kumapeto kwa Okutobala nyanja imakhala bwanji?

Kabaza_Dolo:

Man ine za mphepo ndisiyira eni ake, ndingokuchenjezani za anthu. Chaka chatha ndinati nane ndimutengeko mkazi wanga kunyanja, tinafika pa loji ina yake sinditchula dzina, tavala bwinobwino, ine jini yatsopano iye diresi la pa Khirisimasi, mlonda wa pageti kutiyang'ana kuyambira kumapazi amvekere mukufuna ndani, ngati mukugulitsa zinthu dutsani kuseri. Pomwepo mzungu wopanda nsapato, kabudula wong'ambika, tsitsi ngati chisa cha mpheta, akulowa mlonda yemweyo kuchita kumuchitira sailuti. Ndinatentha mtima heve. Ndinangotulutsa foni kumuonetsa meseji ya bukingi ndi ya Airtel Money kuti ndalipira kale, nde kuyamba pepani bwana pepani bwana. Si onse ayi, kwina anatilandira bwino kwambiri mpaka kutipatsa chipinda choyang'ana kunyanja pamtengo wa Amalawi, koma inu bukani pasadakhale pa WhatsApp, funsani mtengo wa eni dziko chifukwa ambiri ali nawo koma sanena ukapanda kufunsa, ndipo meseji musafufute.

Chinanso anyamata a pabichi. Mukangotsika njinga akuzingani, wina boti, wina zibangili, wina ndikuwotchereni kampango. Ambiri ndi ana abwino akungosaka ya sopo, koma gwirizanani mtengo musanakwere, mufunse kuti kodi zalowamo ndi chani, mafuta, magalasi osambirira, nsomba ya nkhwazi, nkhomaliro, ya paki. Osapereka ndalama yonse usiku kuti mawa tidzanyamuke, perekani ya mafuta yokha yotsala pobwera. Ndipo kashi tapani konkuno ku boma musananyamuke, kumeneko musakadalire makina, ma ejenti a Mpamba ndi Airtel Money alipo koma pena amakhala alibe ndalama yokwanira. Pawa banki musaiwale, madam akafuna zithunzi 200.

Mlovi_wakale:

Za mlondayo zimachitikadi, ifenso zimatinyansa, koma zikusintha poti nthawi ya Covid azungu atasowa ndi Amalawi amene anatidyetsa.

Bambo Wapamlatho, Vipya inamira mu Julayi 1946 kumpoto uko, anthu 145 anatsikira nayo, ndipo Julayi ndi mwezi wa mwera. Mwera ndiye mphepo yoopsa panyanja pano, imachokera kummwera, imalimba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, imatha kuwomba masiku atatu osapuma mafunde ngati nyumba, nthawi imeneyo ngakhale ife timakoka mabwato kumtunda n'kumasoka maukonde. Okutobala ndi nthawi yabwino, madzi amakhala ofunda ndiponso oyera mpaka kuona mwala uli pansi penipeni poti mitsinje sinayambe kuthiramo matope. Chimene timayang'anira nyengo imeneyo ndi mpoto, imabwera kuchokera kumtunda kwa nyanja makamaka kukayamba kuchita mitambo ya mvula, ndipo Chembe anayang'ana komweko ndiye imatipeza. Koma siibwera mobisa, timaiona. Lamulo ndi limodzi, olokani m'mawa nyanja ikadali gone, ndipo woyendetsa akati lero ayi kapena tidikire kaye, musamukakamize poti mwalipira. Amene akuvomera kunyamuka nyanja ili yoyera ndi thovu ameneyo ndi wa njala, musiyeni. Boti lopanda majekete musakwere, ngakhale litakhala langa.

Poti mwavomera kuphika, ufa ndi zina gulani ku boma kapena pa Monkey Bay, ku Chembe zinthu za m'shopu zimakwererako. Nsomba yokha musanyamule, mukagula m'mawa pagombe asodzi akamakocheza, kampango mmodzi wabwino akukwanirani nkhomaliro ndi mgonero. Nkhuni musakathyole pachilumba, ndi mupaki, funsani a kampu kuti mukaphikira chani. Chakudya muzitsekera bwino, apusi a kumeneko ndi akuba kuposa a pa depoti, ndipo mukaona ng'azi ikuwothera dzuwa pamwala muwauziretu madam kuti si mwana wa ng'ona, angathawire m'madzi osadziwa kusambira.

Mukapeza mpata Lachinayi madzulo yendani cha ku Otter Point mbali ya kupaki, mukaone manda a amishoni. Livingstonia yoyamba inali pamenepo mu 1875, a Dr Robert Laws ndi anzawo, malungo atawatha anasamukira ku Bandawe mu 1881. Anthu ambiri amadziwa ya ku Rumphi yokha.

Wapamlatho:

Ndamvera malangizo a nesi, dzulo usiku ndawauza madam. Poyamba anati Cape Maclear yomweyi ya pa Monkey Bay? nkhope itagwa pang'ono poti m'mutu munali Zanzibar. Ndiye ndinawapatsa foni kuti awerenge okha zonse mwalembazi. Anawerenga mwakachetechete mpaka pa nkhani ya mthiko, pamenepo anaseka mpaka kutsamwa, akuti ndikuuzeni asisi a Nachisale kuti Mulungu akudalitseni ndipo akajambula vidiyo ine ndikuvundula nsima kuti gulu lonse lidzaone timibulu tija. Za ng'azi sanasekeko, afunsa kawiri kuti imakula bwanji.

Tagwirizana kuti Chembe masiku awiri, Domwe usiku umodzi ngati nyanja ilola, ikakana tikagonanso ku Chembe. Zanzibar akuti sanaiiwale, angoisunga ya zaka 20. A Mlovi ndakulemberani ku inibokosi, mundiuze ngati muli ndi jekete ya saizi yaikuluko pang'ono, komanso ngati boti lanu lili ndi denga poti ambulera akuti sangagwire, manja onse awiri akhala atagwira ine.